Morphine ndi makina opumira mankhwala: phunziro kwa amayi oyendera odwala

Amayi anzanga, pa ntchito zonse zimene timagwira m'bungwe lathu, yofuna mtima wolimba kwambiri ndi kukhala pambali pa munthu amene akulephera kupuma. Wa malungo timam'patsa mankhwala n'kudikira. Wa bala timam'tsuka n'kumumanga. Koma wobanika amangotiyang'ana, mapewa akukwera ndi kutsika, mawu akudukira panjira, ife n'kusowa poika manja. Ambiri a inu mwachezerapo m'chipinda chotere, ndipo mukudziwa kuti pa nthawi ngati imeneyo munthu amalola kuyesa chilichonse.

Tiyerekeze kuti mu mphakati mwanu muli mayi amene khansa ya khomo la chiberekero inam'falikira mpaka m'mapapo. Kuchipatala anam'patsa botolo la morphine wamadzi kuti azimwa maola anayi alionse. Mwana wake wa ku Johannesburg watumiza makina otchedwa nebulizer, aja amasandutsa mankhwala amadzi kukhala nkhungu yopuma. Tsiku lina usiku kubanika kwakula. Mchemwali wake amene akumudwazika akuti: "Vuto lili m'chifuwa, koma mankhwala tikuwatumiza m'mimba. Bwanji tithire morphine m'makinamu kuti akafike pomwe pakuvutapo?" Onse atembenukira kwa inu, poti ndinu amene mumayendera odwala. Muyankha kuti chiyani?

Yankho lake ndi lakuti musathire. Koma kungokaniza sikukwanira, chifukwa banja lothedwa nzeru likhoza kuchitabe inu mutachoka. Phunziro la mwezi uno likufuna kuti mudziwe chifukwa chake, komanso kuti mukhale ndi china chowapatsa m'malo mwake.

Kodi nebulizer ndi chiyani?

Nebulizer ili ndi zigawo zitatu: kabokosi kopopa mpweya koyendera magetsi, kakapu kothiramo mankhwala, ndi masiki yovala pamphuno ndi pakamwa. Mpweya ukamadutsa mwamphamvu m'kakapu muja umaswa mankhwala kukhala timadontho tating'onoting'ono touluka ngati nkhungu ya m'mawa. Wodwala amapuma nkhunguyo kwa mphindi 10 kapena 15 mpaka mankhwala atatha.

Makinawa ndi othandiza zedi pa ntchito yawo. Mwana wa mphumu akabwera kuchipatala chifuwa chikulira, anamwino amathiramo mankhwala otchedwa salbutamol. Mankhwala amenewa amagwira ntchito pa timinofu tozungulira njira za mpweya m'mapapo momwemo. Akangofikapo, njira zija zimamasuka ndipo mwana amayamba kupuma bwino makolo akuona. Amene anaonapo zimenezi saiwala, n'chifukwa chake anthu ambiri amakhulupirira kuti mankhwala alionse akadzera m'makina amakhala amphamvu koposa. Ndipo ife tinazolowera kale kufunda bulangete pa mphika wa madzi otentha a masamba a bulugamu tikadwala chimfine, choncho maganizo akuti za m'chifuwa zimafuna mankhwala opuma sachita kutivuta kuwalandira.

Pali zinthu ziwiri zoti tisasokoneze. Choyamba, nebulizer si makina a oxygen. Imangopopa mpweya wa m'chipinda momwemo, siwonjezera kanthu. Chachiwiri, mphamvu sili m'makina ayi. Makina ndi njira chabe, ngati msewu. Funso ndi lakuti, kodi mankhwalawo ntchito yawo akaigwirira kuti? Salbutamol amaigwirira m'mapapo, ndiye msewu wa m'mapapo ndi wachidule kwa iye. Nanga morphine?

Morphine amagwira ntchito kuti?

Morphine amachokera ku utomoni wa duwa lotchedwa poppy. Amene anayamba kumulekanitsa ndi utomoniwo ndi Friedrich Sertürner, katswiri wa mankhwala wa ku Germany, cha m'ma 1805. Morphine ali ndi abale ake: codeine, pethidine, tramadol ndi fentanyl. Banja lonseli amalitcha ma opioid. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika morphine pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri kuyambira pomwe mndandandawo unayamba mu 1977, ndipo mpaka lero ndiye mankhwala odalirika pa ululu waukulu wa khansa.

Ululu umamveka pa bala, koma amene amaumva ndi ubongo. Mitsempha imanyamula uthenga kuchokera pamalo povuta, kudzera mu msana, kukafika ku ubongo. Morphine akalowa m'magazi amakafika mu msana ndi mu ubongo n'kuchepetsa mphamvu ya uthengawo.

Kubanika nakonso kuli chimodzimodzi. Mapapo akadwala, ubongo umalamula thupi kuti lipume kwambiri, koma mpweya wolowa sufanana ndi khama limene thupi lachita. Kusiyana kumeneko ndiko munthu amakumva ngati njala ya mpweya. Njalayo imabweretsa mantha, mantha amafulumizitsa kupuma, kupuma kofulumira ndi kosafika pansi kumaonjezera kubanika, zinthu n'kumangozungulira choncho. Morphine wochepa amafewetsa kulamula kwa ubongo kuja, ndipo munthu amamva kupepukidwa ngakhale mapapo ake sanasinthe. Choncho ngakhale vuto lili m'chifuwa, ntchito yaikulu ya morphine ili ku ubongo, ndipo msewu wopita ku ubongo ndi magazi.

Madokotala anayesa kale

Maganizo a mchemwali uja si opusa. Madokotala nawonso anawaganizapo. Anati mwina mitsempha ya m'mapapo ikhoza kulandira morphine mwachindunji, wodwala n'kupepukidwa popanda tulo, nseru ndi kudzimbidwa. Mu 1989 ofufuza a ku Australia anapumitsa morphine kwa anthu ochepa odwala mapapo ndipo anaona ngati anthuwo akupirira pang'ono pochita zolimbitsa thupi. Nkhaniyi inasangalatsa ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1990 malo ena osamalira odwala matenda osachiritsika ku Ulaya ndi kwina anayamba kuyesa njirayi.

Kenaka anachita kafukufuku wosamalitsa. Odwala ena amawapumitsa morphine, ena madzi amchere okhaokha, popanda wodwala kapena dokotala kudziwa kuti m'kakapu muli chiyani. Zotsatira zake zinali zakuti magulu onse awiri amanena zofanana. Ambiri amati akumva bwinoko, koma a madzi amchere nawonso amatero. Zikuoneka kuti kamphepo kozizira ka kumaso, kukhala tsonga mwakachetechete, ndi kudziwa kuti wina akukusamala, ndi zimene zinkathandiza.

Bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku wa zaumoyo ndi kumuunika pamodzi, linaona nkhaniyi mu 2001, n'kudzaionanso mu 2016 pophatikiza kafukufuku 26 wokhudza odwala oposa 500. Maulendo onse awiri linapeza kuti pali umboni wina wakuti ma opioid akumwa kapena a jakisoni amachepetsa kubanika, koma palibe umboni wakuti opumira mu nebulizer amaposa madzi amchere. Zipatala zina zikuyesabe njirayi, makamaka ndi fentanyl, koma zimachita ndi mankhwala a jakisoni oyeretsedwa bwino, dokotala ali pomwepo. Imeneyo ndi ntchito ya ofufuza, si ya m'chipinda chathu chogona.

Tinenenso chilungamo pa morphine wakumwa: sathandiza aliyense wobanika. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2022 pa anthu odwala matenda okhalitsa otseka njira za mpweya sanapeze kusiyana kwenikweni pakati pa omwa morphine ndi osamwa. N'chifukwa chake wosankha kuti uyu ayese morphine pa kubanika ndi dokotala kapena namwino wophunzira ntchitoyi, ndipo amaunika ngati akuthandiza kapena ayi.

Zifukwa zinayi zosathirira morphine m'makina

Choyamba, muyeso umasokonekera. Nkhungu yambiri imathawira m'mbali mwa masiki, ina imatsalira m'kakapu, ina imatuluka wodwala akamapumira kunja. Ofufuza amene anayeza magazi a anthu opuma morphine ndi makina wamba anapeza kuti pa magawo 100 alionse, ofika m'magazi sakwana 20, ndipo nthawi zina amachepera kutali. Zimatengera mtundu wa makina ndi mapumidwe a munthu. Wobanika amapuma mwapamwamba, ndiye mankhwala safika pansi. Mapeto ake mayi uja, amene morphine anali kumutetezanso ku ululu wa khansa, adzapezeka kuti ululu wabwerera pakati pa usiku, botolo latha tsiku lake lisanakwane.

Chachiwiri, morphine akhoza kutseka chifuwa. Mwa anthu ena, makamaka a mphumu, mankhwalawa akakhudza njira za mpweya amazichititsa kufinyika. Munthu amene anali kupuma movutika akhoza kulephereratu. Kuchipatala ali ndi mankhwala otsegulira pafupi. Kumudzi usiku mulibe.

Chachitatu, morphine wakumwa anapangidwira mimba. Sayeretsedwa monga amayeretsera mankhwala a jakisoni, ndipo kawirikawiri amaikamo mtundu ndi zina zoti asaonongeke msanga. Mimba imalandira zimenezi popanda vuto, koma mapapo odwala zikhoza kuwakanda kapena kuwalowetsera tizilombo. Mapiritsi osinja n'kusungunula m'madzi ndiye oipiratu.

Chachinayi, nkhungu sisankha mphuno. Imene yathawa masiki imakhala m'chipindamo, momwe muli wodwazika, mwina ndi mwana wogona kumsana.

Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina olira ndi nkhungu yooneka ndi maso zimapatsa banja chithunzi chakuti chinthu chachikulu chikuchitika, pamene kasirinji ka madzi pakamwa kamaoneka ngati sewero. Koma pa morphine, kasirinjiko ndiye kali ndi umboni.

Njira yodalirika ndi ya pakamwa

Amene anaphunzitsa dziko kupereka morphine wakumwa pa nthawi yake ndi Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967. Iye anaona kuti kudikira ululu ubwere kenaka n'kupereka mankhwala ndi kuzunza wodwala. Mu 1986 WHO inalimbikitsa mfundo yomweyi: mankhwala a ululu wa khansa aziperekedwa pakamwa, potsata wotchi. Mu Africa muno njirayi inafala kudzera mwa Dr Anne Merriman, amene anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993. Iye anaonetsa kuti ufa wa morphine wosungunulidwa m'madzi ku famase ndi wotsika mtengo, sufuna magetsi kapena singano, ndipo wodwazika wa kumudzi akhoza kuupereka bwinobwino. Mu 2004 dziko la Uganda linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala morphine. Kwathu kuno ntchitoyi imadziwika ndi malo monga Tiyanjane ndi Umodzi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Ndi Moyo ku Salima, komanso magulu osamalira odwala matenda amgonagona m'zipatala za maboma ndi za mishoni.

Mukalowa m'nyumba momwe muli botolo la morphine, thandizani banja kukumbukira izi.

Morphine wamadzi amayamba kugwira ntchito pakatha mphindi pafupifupi 30 ndipo amakhala m'thupi maola anayi. N'chifukwa chake amamwedwa potsata nthawi, osadikira kuti wodwala ayambe kubuula.

Muyeso ndi umene walembedwa m'buku la kuchipatala la wodwalayo. Muziyeza ndi sirinji yopanda singano imene anakupatsani, osati supuni ya tiyi kapena chivindikiro cha botolo. Morphine wamadzi alipo wofooka ndi wamphamvu, choncho mukalandira botolo latsopano funsani ngati ndi lofanana ndi lakale.

Funsiranitu kwa namwino masana kuti: "Ululu kapena kubanika kukakula pakati pa nthawi, tipereke wochuluka bwanji, ndipo kangati?" Yankho alilembe m'buku. Banja lokhala ndi yankho limeneli silifika poganiza za makina.

Mapiritsi a morphine a maola 12, amene ambiri amawadziwa kuti MST, amamezedwa athunthu. Kuwasinja kapena kuwatafuna kumatulutsa mphamvu ya maola 12 nthawi imodzi, ndipo n'koopsa.

Pafupifupi aliyense womwa morphine amadzimbidwa. Pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo, ndipo wodwala azimwa madzi ndi kudya papaya ngati angathe. Nseru ndi kuodzera zimabwera masiku oyamba kenaka n'kuchepa.

Wodwala akafooka mpaka kulephera kumeza, musafune njira yanuyanu. Uzani namwino. Pali njira zina zimene angakuonetseni, monga kudonthezera pang'onopang'ono m'kati mwa tsaya, kapena jakisoni wa pansi pa khungu.

"Kodi si mankhwala omalizira munthu?"

Funso ili mudzalimva, mwina mwalifunsapo nokha mumtima. Anthu amati uje anangoyamba morphine, patatha sabata anatisiya. Zoona zake n'zakuti odwala ambiri amafika kwa osamalira ululu mochedwa, matenda atawadya kale. Chimene chinawatenga ndi khansa, morphine anangowalola kugona masiku otsalawo. Alipo ena amene amamwa morphine miyezi, ngakhale zaka, akupita kumunda ndi kutchalitchi. Muyeso ukayamba pang'ono n'kumakwera motsogozedwa ndi achipatala, morphine saimitsa kupuma. Choopsa ndi kupereka wambiri nthawi imodzi kwa munthu wosamuzolowera, kumusakaniza ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa, ndi kusintha njira yoperekera mwa ife tokha.

Ena amaopa kuti kupereka morphine ndi tchimo. Mpingo unayankha kale. Pa 24 February 1957, Papa Pius XII anayankha madokotala ogonetsa anthu pa opaleshoni amene anamufunsa ngati n'kololedwa kupereka mankhwala amphamvu oletsa ululu kwa munthu amene ali pafupi kumwalira, ngakhale atakhala kuti angafupikitse moyo wake. Apapa anavomera, ngati palibe njira ina ndiponso ngati sizimulepheretsa kukwaniritsa udindo wake kwa Mulungu ndi kwa anthu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa ndime 2279 amaphunzitsa zomwezo, ndipo amaika chisamaliro chochepetsa ululu m'gulu la ntchito zapamwamba za chikondi. Papa John Paul II anabwerezanso mu kalata yake ya Evangelium Vitae ya mu 1995. Malire ake ndi cholinga: kupereka mankhwala kuti munthu apepukidwe n'kwabwino, kupereka kuti afe n'koletsedwa. Ndipo munthu amene ululu wamuleka ndiye amatha kulapa, kulandira Ukaristia ndi Kudzoza kwa Odwala, kukhululukirana ndi abale, ndi kusiya mawu kwa ana ake.

Zimene manja anu angachite

Tsono m'malo mwa makina mupereka chiyani? Pali zambiri, ndipo sizifuna ndalama.

Mukhazikeni tsonga. Wobanika asagone chagada. Muikireni mapilo kapena thumba la zovala kumsana, kapena akhale pampando ataweramira kutsogolo, mikono itatsamira patebulo. Mumasuleni chitenje cha m'chiuno ndi zovala zothina.

Mupatseni mphepo kumaso. Mu 2010 ofufuza a ku Cambridge ku England anapatsa odwala obanika kafani kam'manja. Akakalozetsa kumaso kwa mphindi zisanu, kubanika kumachepa kusiyana ndi pamene akalozetsa kumwendo. Mphepo yozizira pamphuno ndi pamasaya imatumiza uthenga ku ubongo wakuti mpweya ulipo. Ife tili ndi lichero, katoni, chivindikiro cha ndowa. Tsegulani zenera, mukupizeni pang'onopang'ono kumaso, mum'pukute ndi kansalu konyowa. Kamphepo kamene kanathandiza anthu a madzi amchere aja mukhoza kukapereka ndi dzanja lanu.

Chotsani utsi. Mbaula, nyali ya parafini, koyilo ya udzudzu ndi fodya zisakhale m'chipinda cha wobanika.

Chepetsani anthu. Pa chikhalidwe chathu matenda akakula nyumba imadzaza, ndipo n'chikondi. Koma anthu khumi m'kachipinda, ena akusisima, amaonjezera mantha. Pemphani mwaulemu kuti atsale awiri, enawo akapempherere pakhonde.

Pumani naye limodzi. Khalani pomwe akukuonani, mum'gwire dzanja, mumuuze kuti asalimbane ndi kukoka mpweya koma atulutse pang'onopang'ono ndi milomo yosongoka, ngati akuuzira phala la mwana. Mpweya wakale ukatuluka, watsopano umalowa wokha. Musamufunse mafunso ofuna mayankho aatali. Mawu anu akhale ochepa ndi odekha: "Ndili pompano mayi, sindichoka."

Ngati namwino analemba muyeso wapadera wa nthawi yovuta, perekani pakamwa, lembani nthawi, ndipo pitirizani kukupiza podikira mphindi 30 zija.

Nanga makina aja a ku Johannesburg? Musawanyoze, mwana anatumiza ndi mtima wonse. Apite nawo kuchipatala akafunse ngati pali mankhwala oyenera wodwalayo, monga salbutamol ngati chifuwa chikulira, kapena madzi amchere a kuchipatala ofewetsa makhololo. M'kakapu muzilowa chokhacho chimene dokotala walemba kuti ndi cha nebulizer. Mukatha kugwiritsa ntchito, tsukani kakapu ndi masiki n'kuziumitsa, ndipo zisabwerekedwe nyumba ndi nyumba, makamaka kumene kuli chifuwa chachikulu.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Si kubanika konse kumene kuli kwa kumapeto. Ngakhale munthu wa khansa akhoza kubanika ndi chinthu chochizika: chibayo, chifuwa chachikulu, kuchepa kwa magazi, madzi odzaza m'mbali mwa mapapo amene dokotala angathe kuwachotsa, kapena mtima wofooka. Choncho kubanika kukayamba mwadzidzidzi, kukabwera ndi kutentha thupi, kutsokomola magazi, kupweteka kwa m'chifuwa, kutupa miyendo, kapena milomo ndi zikhatho zikasintha mtundu, pezani thiransipoti. Ndipo morphine wa wodwala mmodzi asaperekedwe kwa wina wobanika, kaya ndi mwana wa mphumu kaya ndi agogo a chibayo. Kwa iwowo akhoza kupha.

Dziwaninso zizindikiro zakuti morphine wachuluka m'thupi. Munthu wamkulu amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi. Wodwala akamagona tulo tosadzutsika ngakhale mum'gwedeze, akamapuma maulendo osakwana 10 pa mphindi, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso kakachepa ngati nsonga ya singano, musaperekenso muyeso wotsatira. Mugonekeni chammbali ndipo pitani naye kuchipatala msanga, botolo lili m'manja. Kuli mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya morphine. Samalani kwambiri ndi wodwala amene wasiya kukodza bwino, chifukwa impso zikafooka morphine amaunjikana m'thupi.

Kusunga botolo

Morphine ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo la dziko. Amatuluka kuchipatala polembedwa dzina la munthu mmodzi, ndipo kumugulitsa kapena kugawira wina ndi mlandu. Chifukwa chake n'chakuti munthu wopanda ululu akamamwa ma opioid pofuna kuledzera amakodwa nawo. Wodwala amene akumwa potsata malangizo kawirikawiri sakodwa motero, koma asasiye mwadzidzidzi ngati wamwa nthawi yaitali. Achipatala ndiwo amatsitsa muyeso pang'onopang'ono.

Botolo likhale m'sutikesi yokiya kapena pamwamba posafika ana, pamthunzi. Pakhale munthu mmodzi kapena awiri odziwika opereka mankhwala, ndi kope lolembamo nthawi ndi muyeso, kuti wina asapereke kawiri. Lisanathe ndi masiku atatu, wina apite kukatenga lina. Wodwala akatisiya, mankhwala otsala abwezedwe kuchipatala. Pa maliro anthu amakhala ambiri ndipo katundu amasuntha, ndiye ndi bwino mmodzi wa ife akumbutse banja mwakachetechete tsiku lomwelo.

Tibwerere ku usiku uja

Mchemwali uja akudikira yankho. Mukhoza kumuuza kuti: "Achemwali, mwaganiza bwino, ndipo madokotala nawonso anayesapo zimenezi, koma anapeza kuti sizithandiza. Mankhwalawa amagwira ntchito akalowa m'magazi. M'makinamu ambiri angouluka, ndipo akhoza kuwatseka chifuwa. Tiyeni tiwakhazike tsonga. Inu tengani lichero muziwakupiza kumaso, ine ndione m'buku zimene anamwino analemba. Kukacha tikafunse za makinawa." Mukatero mwam'patsa ntchito yoti agwire ndi manja ake, ndipo simunam'chititse manyazi pamaso pa abale.

Mafunso okambirana pa msonkhano

1. Kodi mu mphakati mwanu muli odwala angati amene akumwa morphine kapena amene amabanika? Ndani amawayendera, ndipo kangati?

2. Ndi mawu ati amene munamvapo anthu akunena za morphine? Mungawayankhe bwanji popanda kunyoza wonenayo?

3. N'chifukwa chiyani salbutamol amayenera nebulizer pamene morphine sayenera? Yesani kufotokozera mnzanu m'mawu anuanu.

4. Awiriawiri, yesezani kukhazika wobanika, kum'kupiza ndi kupuma naye limodzi. Wina ayese kuwerenga mapumidwe a mnzake kwa mphindi imodzi.

5. Kodi mungapemphe bwanji achibale ndi akumpingo kuti atuluke m'chipinda popanda kuwakhumudwitsa?

Ntchito ya mwezi uno

Sankhani amayi awiri apite ku chipatala chimene muli nacho pafupi akafunse zinthu zitatu: tsiku limene amaona odwala matenda osachiritsika, dzina la namwino woyang'anira ntchitoyi, ndi nambala ya foni yoimba zinthu zikavuta usiku. Mayankho alembedwe m'kope la bungwe ndipo mayi aliyense woyendera odwala akhale nawo. Ngati n'kotheka, kambiranani ndi Bambo Mfumu kuti namwinoyo adzabwere pa msonkhano wa mwezi wamawa ndi sirinji ndi botolo lopanda kanthu, adzatiphunzitse kuyeza.